Mwana wa m'Phewa

M'nyumba mwathu ku Chilomoni munkadzaza mipira. Inali mipira ya tenesi yakutha, yothothoka ubweya, imene amuna anga ankabwera nayo kuchokera ku kalabu ya m'tauni kumene ankaphunzitsa anthu masewerawa. Ina inkakhala pansi pa bedi, ina m'dengu la zovala, ina inkagubudukira kuseri kwa kabati n'kukhala komweko mpaka tsiku losesa mofatsa. Ana a m'dera lathu ankadziwa zimenezi, ndiye akaweruka kusukulu ankaima pageti n'kumati, "Anti, tipatseniko mpira." Ndinkawapatsa. Mlendo akanalowa m'nyumbamo akanaganiza kuti muli ana ambiri, koma tinalibe ngakhale mmodzi.

Akazi anzanga onse a mumzere wathu ankaitanidwa ndi maina a ana awo, amake uje, amake uje. Ine ndinali atelala basi, chifukwa ndinkasoka zovala pakhonde. Amuna anga anthu ankangoti akochi, ndipo iwo ankandiitana kuti madamu, ngati ndine mkazi wa bwana wa kubanki. Tinkaseka nazo. Koma dzina la atelala likamveka pamaliro kapena paukwati, pakati pa maina a amake uje aja, linkandilasa.

Amene sankaseka nazo anali apongozi anga, mayi awo a amuna anga. Iwowa anali ochokera ku Nsanje. Anabwera ku Bangwe kalekale ndi amuna awo amene ankagwira ntchito ya njanji, ndipo amunawo atamwalira anangokhazikika komweko. Anali Akatolika a korona m'manja, aafupi, osalankhulalankhula, Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chisena. Sanandinyozepo ndi kamodzi komwe, ndipo mwina kunyoza kukanakhala bwino, chifukwa ine pakamwa ndili napo ndipo ndikanayankha. Iwo ankangofika, kupereka moni, maso n'kutsikira pamimba panga, kenaka n'kuyang'ana kukhoma.

Zaka zitachuluka, anayamba kunena za mtsikana wina wa kumudzi kwawo, mwana wa anthu abwino, amene akanatha kubwera kudzatithandiza ntchito zapakhomo. Pakhomo pa anthu awiri akuluakulu panali ntchito yanji yofuna wothandiza? Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Ukwati wa mu tchalitchi sungathe, mkazi wachiwiri saloledwa, koma mtsikana akhoza kubwera ndi kachikwama kake, n'kumatsuka mbale, ndipo pakatha chaka nkhani n'kudzilongosola yokha. Ine ndinali nditawauza kale amuna anga kuti tsiku limene mtsikanayo adzalowe pakhomo la kumaso, ine ndidzatulukira la kuseri ndi makina anga osokera, kubwerera kwathu ku Chiradzulu. Amuna anga sankamufuna mtsikanayo, zimenezo ndinkadziwa. Koma munthu amene pabwalo ankamenya mpira mpaka mpirawo kulira, pamaso pa mayi ake ankangoyang'ana zala za kumapazi.

Nthawi yomweyo ndi imene phewa lawo linayamba kuvuta.

Thupi la amuna anga ndinkalidziwa ndi tepi yoyezera. Mkono wamanja unali waukulu kuposa wamanzere kuyambira tili pachibwenzi, moti malaya a pakaunjika sankawakhala bwino, mbali ina yothina, mbali ina yolendewera. Ndinkachita kuwasokera ndekha. Tsiku lina m'mawa ndikuwatsuka kumsana kubafa, dzanja langa linalowa m'kadzenje kuseri kwa phewa lamanja, pamwamba pa fupa lija lopyapyala. Kumanzere kunali kodzaza bwinobwino. Kumanja, mbali yamphamvu yomweyo, mnofu unali utaphwa ngati wina watapapo ndi chikho.

Ndinachita mantha. Zinali zaka zija za m'ma 2000 pamene munthu akangochepa thupi pang'ono anthu ankayamba kumuyang'ana cham'mbali, ndipo ine ndinali nditasoka kale nsalu zambiri za m'mabokosi a anthu a msinkhu wathu. Tinapita kukayezetsa magazi tonse awiri, n'kupezeka kuti tili bwino. Koma dzenjelo silinachoke, ndipo iwo anavomera kuti akamamenya mpira woyambira uja, wotukula mkono pamwamba pa mutu, china chake chinkawakoka kuseri kwa phewa. Mkonowo ndi umene unkatidyetsa limodzi ndi makina anga.

Mwa ana amene ankawaphunzitsa ku kalabu munali atsikana awiri a dokotala wina. Dokotalayo ataona dzenjelo anawauza kuti apite ku chipatala kumene ankagwira ntchito akawaunike ndi sikani. Ndinapita nawo, chifukwa amuna anga ndi anthu aja oti akachokera kuchipatala umawafunsa kuti adokotala ati chiyani, iwo n'kungoti, "Akuti zili bwino."

Chipinda cha sikani chinali chimodzi chokha, ndipo pabenchi ya panja pake panadzaza amayi oyembekezera. Tinakhala kumapeto, ine ndi amuna anga, mwamuna yekhayo pamzere wonsewo. Moyang'anana nafe panali mayi wina wa ku Bangwe, wopemphera tchalitchi chimodzi ndi apongozi anga, amene anaperekeza mwana wake wapakati. Tinapatsana moni. Iye anayang'ana ine, anayang'ana chitseko cha chipindacho, n'kumwetulira pang'ono. Sanafunse kanthu, ine sindinafotokoze kanthu. Atatiitana tinalowa tonse awiri, iye akuona.

Chipinda chotero ndinkachidziwa. Ndinali nditagonapo kale pabedi langati lomwelo, chitenje chitatsitsidwa, namwino akuyendetsa kachipangizo pamimba panga n'kumayang'ana pagalasi. Nthawi zonsezo galasilo linkangoonetsa utsi wotuwa, ndipo palibe amene anandipatsa chithunzi choti ndipite nacho kunyumba, poti munalibe choti ajambule. Ananena kuti sakuona chovuta chilichonse, ndidikire. Za amuna anga palibe amene anaganizapo zowaunika kwina kulikonse, ndipo mpaka lero chimene makina anaonapo m'thupi mwawo ndi phewa lokha.

Tsiku limeneli ine ndinakhala pampando, iwo atavula malaya, atakhala pamphepete pa bedi chofulatira dokotala. Anawapaka mafuta ozizira aja, iwo n'kudzidzimuka ngati mwana. Dokotala anayamba ndi phewa lamanzere. Anatisonyeza mzere woyera wokhota, nati ndilo fupa, ndipo pamwamba pake chinthu chotuwa chokhuthala, nati ndiwo mnofu umene umatembenuzira mkono kunja. Anaika kamtanda m'mwamba, kena m'munsi, makina n'kuyeza kukhuthala kwake. Kenaka anapita kumanja n'kuchita chimodzimodzi. Ngakhale ine ndinaona kusiyana kwake, timitanda tija tinali titayandikana.

Anafotokoza mosavuta. Anati anthu omenya mpira pamwamba pa mutu kwa zaka zambiri, minofu ina ya mkonowo imakula, koma pali mtsempha wina umene umadutsa pakampata kopapatiza kuseri kwa phewa, ndipo umatha kupanikizika ndi kukokedwakokedwa. Ukatero, mnofu umene mtsemphawo umaudyetsa mphamvu umafota, mbali yosewerera yokhayo. Si matenda opatsirana, si kulodzedwa. Anawauza kuti apumitse mkono, ndipo anawaonetsa mmene angamaukokere ndi chingwe cha mphira. Pomaliza anadina batani, makina n'kulavula kapepala konyezimira kokhala ndi chithunzi cha phewa lamanja. Amuna anga anandipatsa ine, poti m'matumba mwawo chilichonse chimachapidwa. Nditafika kunyumba ndinakaponya m'kadirowa ka makina osokera, momwe mumakhala masingano ndi mabatani.

Apongozi anabwera Loweruka lotsatira. Ndinkadziwa kuti abwera kudzamaliza nkhani ya mtsikana uja, chifukwa anali atanena kuti kumudzi akungodikira mawu. Ndinali nditakonzeka kuyankha, mawu ndinali nditawanola sabata yonse. Koma anafika ali ena. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo m'malo moyang'ana kukhoma ankayang'ana ine. Mayi uja wa pabenchi anali atawafikira kale.

Anapempha singano yoti asokere lamba wa chikwama chawo. Ine ndinali ndikutereka madzi, ndiye ndinati atenge m'kadirowa. Nditabwerako ndinawapeza atakhala pampando wanga wosokera, kapepala kaja kali m'manja. Kuwerenga sankatha, choncho mawu a Chingerezi a pakona, onena kuti ili ndi phewa lamanja, kwa iwo anali maluwa chabe. Koma chithunzi chotero anali atachionapo kwa mwana wawo wamkazi, mlamu wanga, pamene anali woyembekezera. Chala chawo chinkayenda pamzere woyera wokhota uja pang'onopang'ono.

"Takhuta," anatero, kuthokoza m'chinenero chawo, koma osati ine. Ankayang'ana kudenga.

"Amayi," ndinatero ine, "limenelo ndi phewa la ana anu. Mkono ukuwavuta, ndiye anawajambula."

Anandiyang'ana, nagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene mwana wayankha bwino. "Eya, mwananga. Ndi phewa. Aliyense akakufunsani muzitero."

Apa ndi pamene panagona vuto lonse. Kwathu kuno mimba ikakhala yaing'ono sinenedwa. Mkazi woleredwa bwino akafunsidwa amakana, amati ndangonenepa, amati ndi malungo, mpaka mimbayo idzaoneke yokha, chifukwa si onse omva amene amakondwera, ndipo anthu amakhulupirira kuti a mtima woipa akhoza kuiwononga. Tsono kukana kwanga konse kunali umboni. Ndikalumbira, iwo ankaona mkazi wanzeru. Ndikakwiya, ankaona kukwiyakwiya kwa munthu wapakati.

Amuna anga atabwera masana ndinawakokera kuseri n'kuwauza kuti akawauze okha. Anayesadi, ndisawanamizire. Anavula malaya pabalaza pomwepo, n'kutembenuka, kuwaonetsa mayi awo dzenje lija.

"Amayi, taonani apa. Chithunzicho ndi cha pamenepa."

"Vala malaya," anatero apongozi. "Ndinakubala ndine, msana wako ndikuudziwa. Makina aja ndi a azimayi. Unayamba waona mwamuna akujambulitsa phewa pamzere wa kusikelo?"

Za mtsikana wa ku Nsanje sanatchule tsiku limenelo. Pochoka anandiuza kuti chithunzicho ndisachisiyenso m'kadirowa momwe makasitomala amapisamo manja, ndichiike m'Baibulo.

Miyezi yotsatira inali yachilendo. Apongozi ankabwera pafupipafupi, maminibasi awiri kuchokera ku Bangwe, atanyamula mbatata, nthochi, nthawi zina nsomba zouma za kwawo. Ndikaima pakhomo kulankhula ndi munthu, ankati, "Lowani kapena tulukani, mwananga," poti amati woyembekezera akaima pakhomo mwana naye amadzaima pakhomo pobadwa. Mazira anandichotsera m'mbale, tsabola anabisa. Makina opalasa ndi mapazi ankati ndisamakhalitsepo. Ndowa ya madzi ankandilanda, nkhalamba yaifupi ija n'kusenza yokha kuchokera pampopi, ine wamphamvu zanga ndikuyenda pambuyo manja ali lende, anthu akuona. Ndinkachita manyazi osaneneka. Ndinawauza zoona mobwerezabwereza, mofatsa, mwaukali, tsiku lina mpaka ndikulira. Ndinawauza kuti ndili kumwezi, iwo anati ena zimawachitikira miyezi yoyamba. Ndinati tipite limodzi kwa dokotala uja, iwo anati nkhani zotere sazitengera kwa anthu achilendo kawirikawiri.

Koma ndinenenso ichi. Chibadwire palibe munthu anandisamalapo chomwecho. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo dzanja la munthu wamkulu londisisita kumsana ndinali nditaliiwala. Masiku ena madzulo, iwo atapita, ndinkapeza kuti ndayamba ndekha kupewa kuima pakhomo.

Mvula itayamba, mimba imene ankaiyembekezera inayenera kukhala itaoneka. Apongozi anafika tsiku lina kukuwaza, makasitomala kulibe. Anandiitanira kuseri kwa nyumba, pansi pa denga la kakhitchini, nati ndimasule chitenje. Ndinamasula. Anaika chikhatho chawo pamimba panga, chozizira, chokhakhala, n'kuchisiya pamenepo nthawi yaitali. Madzi ankadontha kuchokera pamalata kugwera m'beseni.

"Inachoka liti?" anafunsa.

"Amayi, kunalibe. Ndakhala ndikukuuzani."

"Magazi ambiri munawaona?"

"Ayi. Munalibe kanthu kuyambira pachiyambi."

Anakhala pansi pamtondo wovundikira. "Ndi mmene amachitira," anatero motsitsa. "Amaichotsa osasiya chizindikiro, mwini wake n'kumati munalibe."

Ndinkayembekeza kuti aloza chala munthu, mwina mayi uja wa pabenchi, mwina anansi athu. Koma anayamba kulankhula akuyang'ana manja awo. Anati sabata yomwe ija anaona chithunzi anatumiza mawu ku Nsanje kuti mtsikana uja asabwerenso. Abale a mtsikanayo anafunsa chifukwa, poti anali atakonzeka kale, ndipo iwo ndi chimwemwe chawo ananena. Anauza anthu amene anali atangowalanda chiyembekezo kuti mpongozi wawo ali ndi pakati.

"Inu munabisa bwino," anatero. "Mwana wanganso anabisa, mpaka kuvula malaya. Amene anaulula ndine. Mtsikanayo ndinamufuna ndine, pakamwa panatseguka ndi panga. Mdzukulu wanga ndamupereka ndekha."

Sanalire mokweza, chifukwa mwana wopita padera saliridwa. Misozi inkangotsika. Ine ndinagwada pamatope n'kuwagwira mawondo, ndikubwereza mawu omwe aja akuti ndi phewa, ndi phewa, mpaka mawuwo anatha mphamvu m'kamwa mwanga momwe. Iwo anandisisita m'mutu, nati ndisadzivute kuwatonthoza.

Kuchokera tsiku limenelo nkhani ya mtsikana inafa. Abale ena a amuna anga anayesa kuidzutsa pamaliro ena ku Ndirande, amalume awo akunena mokuluwika za nyumba yopanda phokoso. Apongozi anayankha pamaso pa onse, mawu osakweza. "Mkaziyu si chumba. Mwana ndinamuona ine ndi maso angawa. Amene ali ndi mawu alankhule ndi ine." Ukwati wanga unapulumuka pamenepo, ndipo ndinkadziwa chimene chaupulumutsa. Nkhalamba ija inkagona ndi kudzuka ikukhulupirira kuti inapha mdzukulu wake, ndipo ine ndinkadya ndi kugona m'nyumba imene chikhulupiriro chimenecho chinandisungira. Sindinanamepo, komabe mtima sunkakhala m'malo.

Phewa la amuna anga linapola pang'ono. Anamangirira chubu cha njinga pachitsulo cha windo, m'mawa uliwonse n'kumakoka, chigongono chili m'nthiti, monga anawaonetsera dokotala. Ululu unachepa, ntchito anapitiriza, ngakhale zamipikisano anasiya. Koma dzenje lija silinadzaze. Ndikamawatsuka kumsana chikhatho changa chinkalowamo ndendende.

Mwanayo ndiye ankakula. Apongozi anali atatsimikiza kuti anali wamwamuna, ati chifukwa cha kukhota kwa mutu pachithunzi paja. Akabwera ankapempha Baibulo, n'kutulutsa kapepalako, kukayang'ana pang'ono n'kukabwezera. Kenaka tikumwa tiyi ankangoti, "Bwenzi pano akukwawa." Chaka china, "Bwenzi akuthamangitsa nkhuku." Mwezi wa Novembala, pamene Akatolika timapempherera akufa, ankayatsa kandulo imodzi yoonjezera, ndipo sankanena kuti ndi ya yani. Poyamba zinkandipsetsa mtima. Ndinkafuna kukang'amba kapepalako, koma ndinkadziwa kuti akadzakapeza palibe adzati ndataya chokhacho chimene chinatsala cha mwana wanga.

Kenaka zinayamba kundilowa. Sindikudziwa kuti zinayamba liti. Ana aja a pageti akabwera kudzapempha mipira, maso anga ankasankha okha amene ali pamsinkhu wake. Masana kukakhala zii, mpira ukagubuduka wokha kuchokera pansi pa kabati, monga imachitira mipira pasimenti yopendekeka, mtima unkagunda ndisanaganize. Chaka chimene akanayamba sukulu, mayi wina anabwera ndi kamnyamata kake kudzasoketsa yunifolomu. Nditaika tepi kuchokera paphewa lina kufika pa linzake, ndinalephera kuwerenga manambala. Ndinanamizira mutu, n'kuwauza kuti abwere mawa. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikulira mnofu wa phewa la munthu wamkulu amene ali moyo, amene pa nthawi yomweyo anali m'tauni akuponyera ana a eni ake mipira. Kudziwako sikunathandize chilichonse.

Ndinawauza amuna anga madzulo ake tikudya. Sanaseke. Anati iwonso akamaphunzitsa tiana tating'ono, tija timagwira chomenyera ndi manja awiri, nthawi zina amapezeka akuwerengera zaka.

Mapepala a makina aja sasunga chithunzi mpaka kale. Chaka ndi chaka chinkafufutika. Timitanda tija tinayamba kusowa, kenaka mawu a pakona aja, umboni wokhawo wolembedwa woti linali phewa. Mzere woyera unasungunuka m'kutuwa kwa pepala. Apongozi ankati akupita pang'onopang'ono chifukwa ndi mwana waulemu, safuna kutidzidzimutsa.

Apongozi anadwala chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010, matenda a ukalamba, mtima ndi miyendo yotupa. Mlamu wanga anali kutali ndi banja lake, choncho ndinatseka makina n'kupita ku Bangwe kukawadwazika. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni. Anali atapepuka kwambiri. Tsiku lina masana, wansembe atabwera kudzawadzoza n'kupita, anandiuza kuti nditumize mawu kwa mwana wawo abweretse Baibulo lija. Amuna anga anafika nalo dzuwa likupendeka, n'kuima chapakhomo la chipinda.

Ndinatulutsa kapepalako n'kuwapatsa. Panalibe chilichonse chooneka, kanali kapepala kachikasu konyezimira basi. Anakayandikitsa kumaso, kenaka anakaika pachifuwa.

"Watsogola," anatero. "Ndikamupeza. Ndikamulera ine mpaka mudzabwere, musade nkhawa." Anandiyang'ana. "Koma sindingapite kwa iye inu musanandimasule. Wansembe wandikhululukira zina zonse. Iyi ndi yanu. Ndikhululukireni, amake mwana."

Palibe munthu anali atandiitanapo choncho. Ndinatembenuka kuyang'ana amuna anga. Anali atatsamira chitseko ndi phewa lomwelo, akuyang'ana zala za kumapazi.

Mawu aja anali pafupi, omwe ndinawanena zaka zonsezo, akuti amayi, linali phewa. Ndikanawanena, akanagwedeza mutu monga kale, n'kupita ndi katundu wawo osatula. Sakanamva kuti palibe mlandu. Chimene akanamva n'chakuti ndakana. Ndinawagwira dzanja limene linali pakapepalako.

"Ndakukhululukirani, amayi," ndinatero. "Mukamupatse moni. Mukamuuze kuti mipira yake ilipo yambiri."

Anatseka maso, nkhope n'kumasuka. Anamwalira m'mawa mwake. Powasambitsa ndi amayi a mumphakati wawo, ndinalowetsa kapepalako m'nsalu, pansi pa korona, ndipo palibe anafunsa.

Titabwerako kumaliro, nyumba ya ku Chilomoni inali ndi fumbi la masabata onse amene ndinachokapo. Ndinavundukula makina, ndinasesa, mipira ndinaisonkhanitsa m'dengu. M'mawa mwake ndinatereka madzi, n'kukawasiyira amuna anga kubafa monga mwa masiku onse, ine n'kubwerera kukhitchini. Patapita kanthawi ndinamva akuitana kuti ndikawatsuke kumsana. Sanati madamu.

"Amake mwana."

Mawuwo anatuluka mwamanyazi, ngati munthu akuyesa nsapato yatsopano. Ndinaima ndi chikho m'manja. Onse amene ankakhulupirira za mwanayo anali atapita, tinatsala awiri okha amene tinali m'chipinda chija cha sikani n'kuona ndi maso athu chimene makina anajambula.

Ndinavomera, n'kupita.